Phazi lako ndiye ng'oma yako: za kalabu yathu ya magule

Ndinangoti zii kwa kanthawi chifukwa cha ntchito yochonga mayeso, mukudziwa kale mmene zimakhalira teremu ikamatha. Lero ndati ndiyankhe funso lomwe aphunzitsi angapo akhala akundifunsa tikakumana pa boma kumapeto kwa mwezi. Funso lake ndi lakuti: kodi mwana wa ku Mzimba mungamuphunzitsenso kuvina? Si paja amabadwa akudziwa kale? Nanga Lachitatu lililonse masana mumakachita chiyani pansi pa mitengo paja, ana ali chiimire, maso ali chitsinzinire, nyimbo palibe?

Yankho langa ndi ili. N'zoona, ana athu amadziwa kuvina, ena amandiposa kutalitali. Chomwe ambiri sadziwa ndi thupi lomwe akuvinira nalolo. Mnyamata akhoza kuvina ingoma pamzere mpaka anthu kumuimbira nthungululu, koma mukamufunsa kuti pamene phazi lamanja likugunda pansi kulemera kwake kuli mwendo uti, amangokuyang'anani. Mtsikana akhoza kutsatira sitepe iliyonse yomwe anzake akuponya, koma mukamuuza kuti aime yekha asonyeze kanthu kochokera mwa iye mwini, manja amathawira kumaso. Ntchito yanga mu kalabu ndi ziwiri zokha: mwana amve thupi lake, kenako apeke kagule kake kakafupi, ka iye yekha. Zina zonse zimachokera pamenepo.

Kwa anzanga a m'chigawo chapakati ndi kummwera, ndiyambe ndafotokoza za ingoma, chifukwa maziko athu ali pamenepo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku lomwe kadamsana anaphimba dzuwa. Zwangendaba anakamwalira ku Ufipa, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, ndipo gulu lomwe linatsata mwana wake M'mbelwa ndi lomwe linadzakhazikika kuno. Chingoni chenicheni chinazilala, masiku ano ambiri timayankhula Chitumbuka, koma gule anatsala. Pitani ku phiri la Hora mu Ogasiti pa mwambo wa Umthetho, womwe wakhala ukuchitika kuyambira 2008, mukaone magulu ochokera kwa mafumu osiyanasiyana akuvina pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Chomwe mlendo amadabwa nacho ndi chakuti ingoma ya kuno ilibe ng'oma. Amayi amaimba ndi kuomba m'manja, abambo amagunda pansi ndi mapazi, mangenjeza ali m'miyendo, chishango ndi chibonga zili m'manja. Mgugu womwe mumaumva m'chifuwa muli chapatali umatuluka m'miyendo ya anthu. Ndiye ndimawauza ana kuti ngati phazi lako ndiye ng'oma yako, uyenera kulidziwa monga woimba ng'oma amadziwira chikopa chake, pomwe chalimba ndi pomwe chafooka.

Masabata atatu oyamba a teremu yoyamba sitivina n'komwe. Ana a Fomu 1 amakhumudwa, ena amathawira ku mpira, koma otsala amadzaona phindu lake. Timavula nsapato n'kuima pa dothi. Simenti ya m'kalasi timaipewa chifukwa imapweteka mawondo munthu akamagunda mobwerezabwereza. Ndimawauza kuti atsinzine, kenako ndimafunsa pang'onopang'ono: kulemera kwako kuli pa chidendene kapena ku zala? Phazi liti lanyamula kwambiri? Mawondo awuma kapena apinda pang'ono? Mano walumana? Mpweya ukufika pamimba kapena ukuthera pakhosi? Poyamba kumakhala kuseka kokhakokha. Pakatha mphindi zisanu kumakhala bata lomwe m'kalasi simungalipeze, ndipo mwana wina amadzanena modabwa kuti, "Sala, ine ndimaimira mwendo umodzi nthawi zonse." Wina amapeza kuti phewa lake lamanja ndi lokwera, chifukwa cha chikwama cha mabuku chomwe amanyamula mbali imodzi mtunda wonse wochokera kwawo.

Apa ndi pomwe mnzanga wa Biology amandithandiza. Zomwe amajambula pa bolodi za mafupa ndi minofu, ife timazigwira ndi manja athu pa matupi athu. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo phazi limodzi lokha lili ndi 26. Mwana akamva chiwerengerochi ali chikhalire pa desiki amangochiloweza. Akachimva ali chiimire pa dothi, akuyendetsa zala za kuphazi chimodzichimodzi, amamvetsa chifukwa chake phazi limatha kuponda mwala osathyoka. Timayesanso kuima ndi mwendo umodzi maso ali otsegula, kenako otsinzina, kuti aone okha kuti kusagwa kumadalira maso, m'kati mwa khutu, ndiponso mphamvu ija yomwe thupi limadziwira pomwe pali dzanja lako ngakhale mu mdima. Chaka china mtsikana wa Fomu 4 anandiuza atatuluka m'mayeso a MSCE kuti pa funso la mfundo za mafupa anangopinda chigongono chake pansi pa desiki n'kukumbukira zonse.

Tikafika pa kugunda pansi kwa ingoma, ndimawasonyeza kusiyana kwa njira ziwiri. Mnyamata wofuna kuonetsa mphamvu amakweza mwendo n'kuumenyetsa pansi bondo lili chiwumire. Phokoso limakhala lochepa, ndipo mawa lake amadandaula msana. Nkhalamba yodziwa ingoma imapinda mawondo, imatsitsa chiuno, n'kulola kulemera kwa thupi lonse kugwera m'phazi lathyathyathya. Mphamvu imagwiritsa yochepa, mgugu umamveka patali, ndipo imavina mpaka dzuwa kupendeka. Ndaonapo madala a zaka zoposa 70 ku Edingeni akutopetsa anyamata mwa njira imeneyi. Iwo sanaphunzire zimenezi pa bolodi, anazipeza m'zaka zambiri za kuvina. Ife timangoyesa kumuthandiza mwana kuti azizindikire msanga.

Chinthu china chomwe ndimakonda ndi kuwaonetsa ana kuti luso la thupi ali nalo kale kuchokera ku ntchito za pakhomo. Ndimabweretsa ndowa ya madzi ndi nkhata. Mtsikana yemwe m'kalasi amakhala chowerama, mutu uli pa desiki, akasenza ndowa ija khosi limawongoka, msana umatalika, mayendedwe amakhala a mfumukazi. Ndimamuuza kuti atule ndowa koma asunge msana womwewo. Anyamata ambiri akayesa madzi amatayikira m'malaya, ndipo tsiku limenelo atsikana ndiwo amakhala aphunzitsi. Chimodzimodzi kusinja, kupeta, kulima mizere, kuwaza nkhuni, kumanga ng'ombe pa goli. Ntchito iliyonse ili ndi kayendedwe kake ndi kapumidwe kake. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi mosinthana minsi, amenewo ndi magule kale, kungoti sitinawatche choncho.

Pofuna kuti ana akhale ndi mawu ofotokozera zomwe akumva, ndinabwereka maganizo a munthu wina wa ku Ulaya, Rudolf Laban, yemwe anabadwa mu 1879. Mu 1928 iye anatulutsa njira yolembera magule pa pepala, ndipo atasamukira ku England mu 1938 anakhala akuonerera anthu ogwira ntchito m'mafakitale kuti amvetse mmene amagwiritsira ntchito mphamvu zawo. Chomwe ndinatengako ndi mafunso anayi omwe mungafunse pa kayendedwe kalikonse. Kodi n'kolemera kapena kopepuka? N'kadzidzidzi kapena kodekha? Kakulunjika malo amodzi kapena kakuzungulirazungulira? N'komangika kapena kotayirira? Munsi ukamatsika mumtondo, kayendedweko n'kolemera, kadzidzidzi, kolunjika. Kufinya chitenje chochapa n'kolemera, kodekha, kopotokola. Kupeta n'kopepuka. Ana amagwira msanga zimenezi, ndipo posakhalitsa mumawamva akutsutsana okha ngati kugunda kwa ingoma n'komangika kapena kotayirira. Ineyo ndimangokhala pambali n'kumamvetsera, chifukwa mwana amene akutsutsana ndi mnzake za kayendedwe ka chiuno chake wayamba kale kuganiza ndi thupi.

Teremu yachiwiri ndi yomwe aliyense amapeka gule wake. Malamulo ake ndi osavuta. Utenge mayendedwe atatu kuchokera ku ntchito yomwe umagwira kwanu. Utenge amodzi kuchokera ku gule aliyense yemwe umamudziwa, kaya ingoma, kaya mganda, kaya wa kukwaya, kaya wa pa kanema. Uwonjezere amodzi osonyeza chinthu chomwe chili mumtima mwako, chomwe sukakamizidwa kutiuza. Uzilumikize mmene ukufunira, ubwereze pomwe ukufuna, uime pomwe ukufuna, koma zonse zisapitirire mphindi imodzi. Nyimbo ya pa foni palibe. Ukafuna phokoso, lichokere m'mapazi ako, m'manja mwako, kapena upemphe anzako awiri akuombere m'manja mmene iweyo wawauzira. Pomaliza umupatse dzina gule wakoyo.

Oonerera nawonso ali ndi malamulo awo. Saseka. Sajambula. Sagwira mnzawo pofuna kumukonza, ndipo lamulo limeneli limandimanga ndi ine ndemwe: sindigwira mwana aliyense, ndimasonyeza pa thupi langa kapena kufotokoza ndi mawu. Nthawi zonse pamakhala mphunzitsi wamkazi, ndipo zina zokhudza atsikana amakakambirana okha kumbali. Wovina akamaliza, oonerera sanena kuti zinali bwino kapena zinali zoipa. Amanena zomwe aona: ndinaona kuti unayang'ana kumpoto katatu, ndinaona kuti dzanja lamanzere silinatseguke mpaka kumapeto. Lamulo lomalizali ndi lomwe limavuta kwambiri, ngakhale kwa ife aphunzitsi, popeza tinazolowera cholembera chofiira.

Ndikuuzeni za magule angapo omwe ndawaona, mayina ndisunga. Mnyamata wina wa Fomu 3 wochokera cha ku Jenda anayamba ndi kunyamula chinthu cholemera n'kuchikweza pamwamba, monga amachitira okweza katundu pa basi. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kuima, dzanja lili pamphumi. Anagunda pansi kamodzi kokha, mwa ingoma, n'kudikira. Anagundanso, n'kudikira nthawi yotalikirapo. Kachitatu anakweza mwendo koma sanaugwetse, anangoutsitsa mwakachetechete n'kutembenuka. Gule wakeyo anamutcha "Disembala". Palibe anafunsa tanthauzo, chifukwa theka la ana omwe anali pamenepo ali ndi bambo, amalume kapena achimwene ku South Africa, ndipo amadziwa za malonjezo obwera pa Khirisimasi. Mnyamatayu m'kalasi anali wa phokoso, wosachedwa kupsa mtima. Nkhani ya bambo ake sanandiuzepo ndi pakamwa, ndipo sindinamufunse. Anainena mu mphindi imodzi ija, anzake anaimva, basi.

Wina anali mtsikana yemwe anabwerera kusukulu atabereka. Mukudziwa kuti kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana wotere kubwerera, ndipo pambuyo pa kutsekedwa kwa sukulu mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 tinalandira angapo. Pepala limamulola kubwerera, koma maso a anzake ndi nkhani ina. Mwanayu ankayenda mabuku ali pachifuwa, mapewa atapindikira m'kati, ngati akupepesa kuti alipo. Mu kalabu anakhala teremu yathunthu kumbuyo kwenikweni. Tsiku lake litafika anawerama, n'kuponya manja kumbuyo monga mayi akubereka mwana, n'kumanga nsalu yosaoneka pachifuwa. Anayenda mozungulira akugwedeza msana pang'onopang'ono. Kenako, mwana wosaonekayo ali kumsana, anatola cholembera chosaoneka n'kulemba mumlengalenga zilembo zikuluzikulu, dzanja likukwera mpaka anaimira zala. Anathera pomwepo, ali chiimire, chifuwa chili poyera. Mtsikana mnzake ananena kuti, "Ndaona kuti ndiwe wamtali." Zinali zoona. Tonse tinali tisanadziwe kutalika kwake.

Si onse amabweretsa zolemera chotere, ndipo sindifuna kuti muganize kuti kalabu yathu ndi ya misozi. Mnyamata wina anapeka gule wa ngolo yomwe yatitimira m'matope, iye yekha akukhala ng'ombe, woyendetsa, ndiponso gudumu. Tinaphwanya lamulo la kusaseka tonse, mwini wake atatiloleza. Wina wachibwibwi, yemwe kuyankha funso m'kalasi kunali ngati chilango, anapanga gule wa mapazi okhaokha wothamanga kwambiri moti anzake anatenga masabata awiri kuti amutsatire. Kuyambira pamenepo ankamutchula kuti mphunzitsi wa mapazi.

Tsopano ndinene za otsutsa, chifukwa alipo ndipo ena mfundo zawo n'zomveka. Bambo wina wachikulire, yemwe amatsogolera gulu la ingoma m'mudzi wina woyandikana ndi sukulu, anabwera tsiku lina atamva kuti ana akusakaniza kugunda kwa ingoma ndi zina. Tinakhala pansi, ndipo anandiuza mu Chitumbuka mawu omwe ndingawamasulire motere: "Asambizgi, ingoma si ya munthu mmodzi. Phazi lako likagunda lokha ndiye kuti walakwitsa. Mukawaphunzitsa ana kuti aliyense azivina zake, mawa pa Hora tidzaimika ndani pamzere?" Ndinawayankha kuti, "Adada, mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kuti mzerewo mudzawaphunzitse ndinu." Kenako ndinawafunsa za kugiya, pamene mwamuna mmodzi amatuluka pagulu n'kudzionetsa yekha, kulumpha ndi kubaya m'malere, anzake akumutamanda. Ndinafunsa ngati amuna awiri amagiya mofanana. Anaseka, nati ayi, aliyense ali ndi kagiyidwe kake, ndipo ukamuona patali umadziwa kuti uyo ndi mwana wa uje. Ndinati ndi zomwezo zomwe ndikufuna, kuti mwana adziwe kuima pamzere komanso akhale ndi chake chotuluka nacho.

Tinagwirizana zinthu zitatu zomwe tikuzisunga mpaka lero. Ingoma yeniyeni amaphunzitsa ndi akuluakulu a m'mudzi, kawiri pa teremu, ndipo pamenepo palibe kupeka, mwana amatsatira. Gule wopeka mwana satchedwa ingoma, ngakhale atabwerekako phazi. Ndipo zikopa, nthenga ndi zishango sizivalidwa pa magule opeka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kunena zoona ana amamvera madala aja kuposa mmene amandimverera ine.

Ndimakumbutsanso anzanga kuti kupeka zatsopano pa maziko akale si chinthu chachilendo kuno. Donald Fraser, m'mishonale wa ku Scotland yemwe anakhazikitsa Loudon ku Embangweni mu 1902, ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo zawo pogwiritsa ntchito maimbidwe a makolo, ndipo pa misonkhano ikuluikulu ankabwera nazo kudzaimba. Anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anatisiyira nyimbo zomwe zikuimbidwabe m'matchalitchi a sinodi ya Livingstonia. Ingoma nayo yadutsa m'manja ambiri. Inachokera m'masiku a nkhondo, inadzavinidwa pa misonkhano ya ndale nthawi ya Kamuzu Banda, yemwe ankalowa m'bwalo chishango chili m'manja, ndipo lero timaiona pa maukwati, pa kulonga mafumu ndi pa Umthetho. M'badwo uliwonse unaikapo phazi lake.

Funso lina limachokera kwa makolo opemphera: kodi simukuwaphunzitsa ana vimbuza? Ayi, ndipo chifukwa chake ndimachinena poyera. Vimbuza ndi gule wa machiritso wa Atumbuka, ali ndi eni ake, ng'anga zake ndi odwala ake. Bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, chaka chimodzi ndi gule wamkulu, koma zimenezo sizimupanga kukhala masewera a Lachitatu masana. Ana ena amachokera m'mabanja omwe amamukhulupirira, ena m'mabanja omwe amamukana, ndipo si ntchito yanga kuweruza pakati pawo. Chomwe timachita n'kukambirana chabe. Ndimawauza ana kuti taonani, makolo athu ankadziwa kuti chomwe chamuvuta munthu mumtima chimatha kukhala m'thupi, ndipo kuti mayi yemwe sakanatha kudandaula pamaso pa apongozi ake ankapeza bwalo pomwe thupi lake linkamveka, anthu atamuzungulira akuimba. Nzeru imeneyo tingailemekeze popanda kuitana mizimu pasukulu.

Otsutsa achitatu ndi anzanga a mu sitafu, ndipo nkhawa yawo ndi nthawi. Ku pulayimale kuli Expressive Arts, koma mwana akafika kwa ife zonse zimaloza ku mayeso, ndipo ola lililonse lomwe sali pa buku limaoneka lotayika. Ndimawamvetsa. Ana athu ambiri amayenda mtunda wautali, amafika masana osadya kanthu, ndipo mu Okutobala dzuwa la kuno silichita masewera. N'chifukwa chake timakumana kamodzi pa sabata, mphindi 50 zokha, ndipo a Fomu 4 teremu yachitatu timawamasula. Sindinganene kuti kalabu imakweza mapointi a mwana. Chomwe ndaona n'chakuti mwana yemwe waphunzira kuzindikira kuti mpweya wake wathera pakhosi amadziwa chochita pepala la Masamu likamuopsa: amatsitsa mapewa, amaponda pansi ndi mapazi onse awiri, amapuma, n'kuyamba.

Koma chifukwa chachikulu chomwe ndimapitirizira ntchitoyi ndi china. Ana athu amakula akuuzidwa za matupi awo ndi anthu ena. Khala bwino. Gwada. Usayang'ane akulu m'maso. Wakula tsopano. Wanenepa. Wada. Zina mwa izi ndi ulemu wabwino womwe ine ndemwe ndimaphunzitsa ana anga kunyumba. Koma pa mawu onsewa palibe amamufunsa mwana kuti iweyo ukumva bwanji m'thupi mwakomo. Malamulo a dziko anasintha mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, komabe tonse tikudziwa atsikana omwe anasowa pakati pa teremu, ena atakopeka ndi wobwera ku Joni ndi foni yatsopano. Gule sangathetse umphawi womwe umawakankhira kumeneko. Chomwe ndikukhulupirira n'chakuti mtsikana yemwe waimapo pakati pa anzake n'kunena kuti apa ndiyambira, apa ndiima, apa musandigwire, ndipo anthu 30 namumvera, walawako kukhala mwini wa thupi lake. Mnyamata yemwe waphunzira kuonerera mtsikana akuvina popanda kukuwiza kapena kutambasula dzanja waphunziranso kanthu komwe adzapite nako m'banja. Ndipo anyamata omwe adzakwere basi ya ku Joni, poti ena adzakwera ndithu, bola apite akudziwa kunyamula thumba la simenti ndi miyendo osati ndi msana.

Kwa mnzanga yemwe ukufuna kuyamba zotere pasukulu pako, sufunika holo, wailesi kapena yunifolomu. Peza malo a dothi losalala pa mthunzi, uchotse minga ndi magalasi. Pempha mphunzitsi mnzako wamkazi, kapena wamwamuna ngati iwe ndiwe mayi, kuti muzikhala awiri. Uwafotokozere ahedi ndi komiti ya makolo usanayambe, ndipo upite wekha kwa akuluakulu a magule a m'deralo, usadikire kuti adzakupeze. Kwanu mwina ndi chimtali, beni, tchopa kapena malipenga. Funso ndi lomwelo, kuti gule ameneyu amafuna chiyani kwa phazi, chiuno ndi mpweya. Usathamangire chionetsero. Alendo akabwera pasukulu ahedi adzafuna gule wa pamzere, apatse, ndi wabwino. Magule opeka ana ndi a m'bwalo lanu, pokhapokha mwini wake atafuna yekha kuwaonetsa kunja. Ndipo iwenso uvule nsapato. Ana sangatsinzine ngati iwe waima pambali ndi tayi, manja ali m'thumba.

Kwa inu ana anga akale, ndili ndi pempho. Kope lija lachikuto chofiira lomwe munkalembamo mayina a magule anu likadalipo, ndipo latsala masamba ochepa. Muli "Disembala", muli "Ngolo ya asekuru", muli "Ndowa ziwiri", muli ena omwe eni ake okha ndiwo angakumbukire. Mukabwera kumudzi sukulu ili yotsegula, dzatipezeni Lachitatu ikamakwana 2 koloko, malo ndi omwe aja. Simufunika kukonzekera chilichonse. Ana a Fomu 1 a chaka chino ndi amanyazi kwambiri, ndipo zingawathandize kuona nesi, msilikali kapena mayi wa ana atatu akuvula nsapato n'kuima nawo pa dothi.

Ndalemba zambiri, ndilekere pano, mabuku a Fomu 2 akundidikira. Mupereke moni kunyumba.